Port ikukana kutseguka pa rauta ya SIM khadi

Funso: Ndine mphunzitsi ku Ulongué, m'boma la Angónia, ndipo ndimajambula mavidiyo a kwaya ya kumpingo kwathu. Mafayilo ake ndi aakulu zedi, ndiye ndimafuna kuwagawira abale a ku Lilongwe ndi ku Johannesburg kudzera pa qBittorrent, pulogalamu yogawirana mafayilo pa intaneti mwa njira ya torrent. Rauta yanga ndi ya 4G, yolowetsamo SIM khadi. Ndinatsegula port 6881 (khomo la nambala lomwe makompyuta ena amalowera polumikizana ndi yanga) monga anandilangizira mnzanga, koma ndikayesa pa intaneti ikuoneka yotseka, ndipo abalewo sakulandira kanthu. Kodi ndigule rauta ina?
Mphunzitsi, Ulongué

Yankho: Aphunzitsi, ndalama zanuzo zisungeni kaye. Mwangotchula SIM khadi, mtima wanga wathamangira kwina, osati ku rauta.

Lowani mu rauta yanu. Pa msakatuli lembani adiresi yomwe ili pa kapepala komata kunsi kwake, nthawi zambiri imakhala 192.168.8.1, 192.168.1.1 kapena 192.168.0.1. Fufuzani pamene alemba WAN IP, yomwe ndi adiresi imene kampani ya intaneti yapatsa rauta yanu, mukopere nambalayo papepala. Kenako funsani Google kuti IP yanu ndi chiyani, ndipo muyerekeze nambala ziwirizo. Zikasiyana, makamaka ngati ya mu rauta ikuyamba ndi 10, kapena ili pakati pa 100.64 ndi 100.127, ndiye kuti muli kuseri kwa CGNAT, njira yomwe kampani imagawira adiresi imodzi kwa makasitomala ambiri.

Nkhani yake ili motere. Maadiresi a pa intaneti a mtundu wa IPv4 alipo pafupifupi mabiliyoni 4.3 okha, ndipo bungwe lowayang'anira la IANA linagawa otsiriza omwe linali nawo mu 2011. Chifukwa cha kuchepako, makampani ambiri a mafoni amaunjika makasitomala ochuluka pa adiresi imodzi. Zili ngati kubwereka chipinda mumpanda wa nyumba za lendi: mutha kusiya chitseko chanu chili pululu, koma ngati geti lakunja ndi lokhoma ndipo kiyi ali ndi mwini mpanda, mlendo sangakupezeni. Getilo lili ku kampani. Ngakhale mutagula rauta yodula bwanji ku Tete, bola SIM khadi ndi yomweyo, palibe chisinthe. Zimandimvetsa chisoni kuona munthu atawononga malipiro a mwezi pa chipangizo chomwe sichinalakwe.

Ngati ndi choncho, pitani ku ofesi ya kampani yanu mukafunse ngati amapereka adiresi yanuyanu, imene pa Chipwitikizi amati IP público, ndi mtengo wake. Njira ina ndi VPN yolipira, yomwe imadutsitsa intaneti yanu pa kompyuta ya kampani ina, koma musanalipire muonetsetse kuti imalola port forwarding (kukutsegulirani port), chifukwa zambiri sizilola.

Komabe ine ndingayambe ndi yaulere. Pa torrent sikofunika kuti nonse mukhale ndi port yotseguka. Mmodzi akakhala nayo, winayo amatha kumupeza n'kulumikizana naye. Zimavuta mbali zonse zikakhala zotseka, ndipo ndikuganiza kuti n'zimene zikukuchitikirani. Ngati m'bale wa ku Johannesburg ali ndi intaneti ya waya yofika m'nyumba, atsegule port ndi iyeyo. Akamaliza kukoka vidiyo, asiye pulogalamu ikuyenda kuti a ku Lilongwe azitenga kwa iye.

Nanga nambala ziwiri zija zikafanana? Pamenepo vuto lili m'nyumba mwanu, ndipo limatheka kukonza. Choyamba kuchikayikira ndi adiresi ya laputopu. Magetsi akathima n'kuyakanso, zomwe sizachilendo kwathu kuno, rauta itha kugawa maadiresi mwatsopano. Laputopu yomwe dzulo inali 192.168.8.100 lero yakhala 192.168.8.102, pomwe ya dzulo ija yatengedwa ndi foni ya mwana. Lamulo lotsegula port munalemba mu rauta lija likulozabe ku adiresi yakale. Pa Windows tsegulani Command Prompt, lembani ipconfig, muone adiresi yeniyeni. Kenako mu gawo la DHCP la rauta, lomwe limagawa maadiresi, imangirireni adiresiyo ku laputopu kuti isamasinthe.

Port 6881 isiyeni. Ndi yodziwika kwambiri kuyambira masiku oyamba a BitTorrent, moti ena opereka intaneti amaitsekereza. Sankhani nambala ya pakati pa 49152 ndi 65535, mwachitsanzo 52000. Ilembeni mu qBittorrent pa gawo la Connection, ndiponso mu rauta pamene alemba Port Forwarding kapena Virtual Server, ndipo musankhe TCP ndi UDP zonse ziwiri. Firewall ya Windows, yomwe imatchinga olowa mu kompyuta, nayonso iuzeni kuti ilole qBittorrent. Poyesa, pulogalamuyo ikhale yotsegula. Ikakhala yotseka palibe choyankha pa port, ndiye mudzaona ngati simunaphule kanthu pamene zonse zili bwino.

Wina akadzakuuzani kuti mungoika laputopu mu DMZ, gawo la rauta lomwe limatsegula ma port onse, mukane. Kutero n'kuionetsa poyera kwa aliyense wa pa intaneti, ndipo ndikhulupirira muli mayeso ndi magiredi a ana a sukulu m'menemo. Pasiwedi ya rauta ngati ikadali admin, isintheni lero lomwe.

Chenjeraninso ndi ma mega anu. Vidiyo ya 2 GB ikatengedwa yonse kwa inu ndi anthu atatu, mwatumiza 6 GB, ndipo zonsezo zikudulidwa pa bandulo yanu. Mu gawo la Speed ikani malire a liwiro lotumizira, ndipo m'bale mmodzi akangofika pa 100%, imitsani torrent yanu kuti otsalawo azikoka kwa iye.