Za mayi akutupa miyendo aja

Achemwali mwafunsa za mayi anu kuti miyendo yatupa, usiku akumabanika mpaka kugona chokhala, ndiye anthu akuti anaponda mankhwala. Pepani ndithu. Ife bambo athu tinawadwazika matenda ngati omwewa kwathu ku Malindi ndiye ndikuuzeni zomwe tinaphunzira.

Dinani ndi chala pa msongolo pawo, mukachotsa nkutsala kadzenje dziwani kuti ndi madzi amenewo, ndipo nthawi zambiri gwero lake ndi mtima. Sikuti waima ayi, ukugunda koma watopa. Mtima wabwinobwino umapopa magazi pafupifupi malita 5 pa mineti munthu atangokhala phee, ndiye ukafooka magazi amaunjikana m'mitsempha madzi ake nkumalowa m'minofu, ngati mmene Shire amachitira akadzadza madzi kusefukira m'madimba. Mbali yakumanja ya mtima ikatopa madzi amatsikira ku miyendo ndi m'mimba, yakumanzere ikatopa amadzadza m'mapapo, nchifukwa chake akagona chagada madzi a m'miyendo aja amabwerera kuchifuwa munthu nkudzidzimuka ali wefuwefu. Chopweteka nchakuti impso nazo zimapusitsika, zikaona magazi akufika ochepa zimayesa munthu wataya magazi ndiye zimayamba kusunga mchere ndi madzi, kusenzetsa katundu mtima wotopa kale.

Choyambitsa chachikulu kuno ndi BP yosamwera mankhwala, bambo athu anasiya okha ati akupeza bwino, kani mtima ukukula mwakachetechete. Ena ndi zilonda zapakhosi za paubwana zomwe zinaononga mavavu (tizitseko ta mkati mwa mtima), ena shuga, kachasu, kuchepa magazi, TB ya kathumba kokuta mtima, ena amayamba atangobereka kumene. Komanso musaiwale ife ndi a kunyanja, likodzo limatha kuononga chiwindi mimba nkutupa, impso zikadwala nazonso zimatupitsa, ndiye osangoganizira, apite ku chipatala cha boma akawayeze BP, magazi, mkodzo ndi kuunika mtima.

Akawapatsa Lasix, mankhwala ochotsa madzi mthupi, azimwa m'mawa chifukwa amakodzetsa kwambiri, osawasiyitsa poti miyendo yaphwa. Mchere ndiye nkhondo yake, a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati tisamapyole magalamu 5 patsiku, kasupuni ka tiyi kamodzi basi, ndiye taganizani nsomba zothira mchere zija, tchipisi, ndi soda wa mu therere yemwe anthu sadziwa kuti naye amasungitsa madzi mthupi. Kwathu tinkapatula ndiwo za bambo tisanathire mchere, ankadandaula zedi koma anazolowera. Brufen ndi diclofenac za m'magolosale asamwe, zimaonjezera kutupa. Ngati pali sikelo muziwayeza m'mawa uliwonse, akakwera makilo 2 m'masiku 3 ndi madzi amenewo osati kunenepa.

Koma poti mwati akubanika kale usiku musadikire Lolemba, ndipo akayamba kutsokomola thovu kapena kulephera kumaliza mawu, pezani galimoto nthawi yomweyo, paulendo akhale tsonga osawagoneka.