Umphawi wa ku UK umabisala m'nyumba

Achemwali, mwafunsa ngati ku UK kulinso osauka, poti mumamva kuti boma limapatsa ndalama aliyense wosowa ntchito. Aliko, ndipo ndi ambiri. Ndikuyankha ndili ku Leeds.

Kungoti umphawi wa kuno suonekera pamsewu. Munthu wavala jekete yabwino, foni ili m'manja, koma kunyumba wazimitsa chotenthetsera pakati pa Januwale, ana agona atavala majuzi awiriawiri. Mita ya mayuniti ija ya kwathu ilikonso kuno, ndipo imapezeka kwambiri m'nyumba za ovutika. Mayuniti akatha, m'nyumba mumazizira mpaka mpweya wa m'kamwa kumaoneka ngati utsi.

Kuno banja limawerengedwa losauka ngati ndalama zake sizifika 60 peresenti ya zomwe banja lapakatikati limapeza. Akachotsera lendi, m'chaka cha 2023/24 anthu otere ankaposa 14 miliyoni, ana okha oposa 4 miliyoni. Chondipweteka ine n'chakuti ambiri mwa ana amenewa ali ndi kholo lomwe limadzuka m'mamawa kupita kuntchito. Malipiro akangolowa, lendi ndi magetsi zatenga kale gawo lalikulu.

Taonani za malo ogawirako chakudya chaulere. Cha m'ma 2010, bungwe la Trussell Trust linkagawa mapaketi osafika 100,000 pachaka. Kuyambira Epulo 2023 mpaka Malichi 2024 linagawa oposa 3 miliyoni. Ndinathandizako Loweruka lina pa tchalitchi china kuno, tikulongedza nyemba za m'chitini, pasta ndi mkaka wa m'mabokosi. Mayi wina anabwera atavala yunifolomu ya kuntchito, n'kundinong'oneza kuti ndisamuikire mpunga, ndimupatse zosafuna kuphika, poti gasi alibe. Ndinasowa chonena.

Zinafika apa pang'onopang'ono. Kuchokera mu 2010 boma linayamba kudula thandizo losiyanasiyana. Universal Credit, yomwe ndi thandizo lalikulu la osowa, munthu amadikira pafupifupi masabata 5 kuti alandire koyamba, ndiye ambiri amayamba ndi ngongole. Mu 2017 anabweretsa lamulo loti mwana wachitatu wobadwa kuyambira pamenepo asawerengeredwe ndalama. Kenako mu 2022 mitengo inalusa, mu Okutobala inali itakwera ndi 11.1 peresenti poyerekeza ndi chaka chammbuyo. Chaka cha 2020 zinatengera wosewera mpira Marcus Rashford kukakamiza boma kuti ana osauka azilandirabe chakudya pa holide.

Ndipo poti mwati mchemwali wanu akufuna kubwera pa viza ya ntchito, muuzeni ichi: viza yotere imaletsa mwini wake kulandira Universal Credit kapena thandizo la lendi. Maola akachepa kuntchito, lendi ya kachipinda kake iripobe, ndipo uthenga wa ku WhatsApp wopempha ya feteleza ufikabe mwezi womwewo.