Mnzako wa paubwana azilowa m'nyumba

Mdzukulu wanga, wandilembera kuti wapezana pa Facebook ndi mnzako amene munasiyana muli ndi zaka 10, makolo ake atasamuka. Tsopano nonse muli ndi zaka 18 ndipo mwayambanso kuyendera limodzi, koma mnzakoyo amamwa, sasowa kumadansi kukakhala kuli phokoso, ndipo kangapo konse wakubweza kunyumba tambala atalira. Ukufunsa ngati umusiye kapena upitirize kucheza naye.

Mtima ukhale m'malo. Pa msinkhu wanuwu magazi amathamanga, ndipo ife tikuyenda ndi ndodofe sitinabadwe ndi imvi. Madokotala amati mbali ya ubongo imene imathandiza munthu kuganiza kaye asanachite chinthu imamaliza kukhwima akamayandikira zaka 25, komanso kuti wachinyamata amalimba mtima kuchita zoopsa anzake akamamuonerera kuposa akakhala yekha. Ndiye mwina mnzakoyo si woipa ayi. Ukudziwa bwanji, mwina kwawo akudandaula kuti wamuwononga ndiwe.

Koma m'mawu ako onse aja sindinamvemo za mayi ake. Chipezanirane, wapitako kukawaona? Nanga iyeyo wabwerako kudzaonekera kwa makolo ako? Apa ndi pamene unayenera kuyambira.

Muli ana, ubwenzi wanuwo unali wa makomo awiri. Mayi akewo anakupukutapo mamina, anakukalipirapo ngati mwana wawo, ndipo mukachedwa kosewera, amene wayamba kukupezani ndiye ankakuthamangitsani nonse. Lero mwautola ubwenzi uja nokha awiri, makolo mwawasiya kumbuyo.

Masiku athu mnzako akabwera kudzakutenga ankaodira pakhomo, n'kudikira kuti amulowetse. Akakhala pansi, moni unkayamba, ndipo sunali wa changu. Mayi ako adzuka bwanji? Agogo aja mwendo unasiya kutupa? Mlongo wako uja anakwatiwa kuti? Iwe uli kuchipinda wavala kale, mtima uli phaphapha, mnzako ali kuyankha limodzilimodzi. Zinkatitopetsa, ndisakunamize. Ndinali naye mnzanga wopulupudza kwabasi, wodziwa kulikonse kumene kukuvinidwa. Tsiku lina anabwera atabisa nsapato zake zovinira m'kathumba, ali duu ngati munthu wofatsa. Mayi anga anayang'ana kathumbako, anamuyang'ananso iyeyo, n'kunena kuti, "Iwe mwana wanga, ndakupatsa mnzakoyu ali ndi miyendo iwiri. Undibwezere ali ndi miyendo iwiri yomweyo." Usiku umenewo, gule atafika pokoma penipeni, amene anandikoka mkono kuti tizipita anali yemweyo wopulupudzayo. Ankadziwa kuti mawa lake akumana ndi maso a mayi anga.

Nanga lero? Foni imangolira, "ndafika, tuluka". Mnzako waima kunja kwa mpanda, makolo amangomva chitseko chikutsekeka. Akafunsa kuti ukupita ndi yani, yankho ndi lakuti "ndi anzanga". Anzako ati, opanda mayina? Sindikudana ndi mafoni anuwa, ndi amene akugwirizanitsaninso, koma achititsa kuti munthu azitenga mwana wa eni ake osaonetsa nkhope. Tsiku limene udzachedwe kubwera, bambo ako adzagogoda pakhomo pa yani? Paja amati mwana wa mnzako ndi wako yemwe, koma mayi angamuyese bwanji wawo mwana amene sanamuonepo chikulire?

Palinso china. Amene mtima wako ukumukonda ndi kamwana ka zaka 10 kaja. Wa zaka 18 uyu sunamudziwe, ndipo m'phokoso la usiku sungamudziwe. Zaka 8 zapitazi wakumana ndi zotani? Kwawo onse alipo? Sukulu inatha bwanji? Ana ambiri amene amaoneka olowerera amakhala kuti akuthawa kena kake kunyumba, ndipo sangakuuze muli pagulu botolo lili m'manja. Ukamuona masana ali pakhomo pawo, mmene amayankhira akaitanidwa, mmene azing'ono ake amamuthamangira kapena kumuthawa, udzadziwa zambiri zimene iye sangakuuze.

Choncho Loweruka likubwerali umuuze abwere masana, alowe m'nyumba, acheze ndi makolo ako musanapite kulikonse. Akamangozemba, lero mutu mawa ntchito, wakuyankha yekha funso lako lija, ndipo ubwenziwo uzilala popanda kukangana. Akabwera, ngakhale atakhala mwamanyazi akukanda mutu, mugwiritsitse ameneyo. Ndipo iwenso upite kwawo. Ukafika uodire, foni uike m'thumba, ukhale pansi udikire moni, ndipo mayi akewo akakufunsa za kwanu usawayankhe mwachidule.