Kadontho kakuyendayenda pa mfuti: nkhani ya tima screw tokhwefuka

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Pretoria omwe amawombera chandamale ku kalabu Loweruka lililonse. Akuti: "Ndili ndi Glock 19 MOS, pamwamba ndinaikapo Trijicon RMR. Ndikangowombera zipolopolo 200 kapena 300, kadontho kofiira kaja kamayamba kusuntha, poyang'ana n'kupeza screw yakhwefuka. Ulendo wapitawu ndinati ndikunge mwamphamvu, imodzi n'kuduka mutu. Kodi ndithire Loctite wofiira? Nanga ina ndikaipeza kuti?"

Achimwene, wofiirayo musiyeni kaye pa shelefu. RMR ndi galasi loikidwa pamwamba pa mfuti, loonetsa kadontho kofiira kolozera chandamale. Batire lake, lija la CR2032, limakhala kunsi, ndiye tsiku losintha batire muyenera kumasula galasi lonse. Loctite wofiirayo, guluu wogwira ma screw wa nambala 271, samasuka popanda kumuwotcha mpaka pafupifupi 250°C, ndipo moto wotere pafupi ndi galasi komanso batire ndi kudziputira zina. Komanso ndikukayika ngati vuto lanu ndi kuchepa kwa guluu. Ine ndikuloza chala utali wa ma screw anuwo.

Pa MOS, Glock yokonzedwa kale kuti pakhale galasi, pamakhala zinthu zitatu zosanjikizana: slide (chitsulo cha pamwamba pa mfuti chomwe chimapita ndi kubwera powombera) pansi, kapuleti pakati, galasi pamwamba. Ma screw awiri amagwira kapuleti ku slide, ena awiri amagwira galasi ku kapuleti. Kapuletiko n'kopyapyala, pamene ma screw omwe amabwera m'bokosi la RMR ndi aatali. Mukamanga, nsonga imabowoleza kapuleti n'kukagunda slide. Dzanja limamva kulimba, inu n'kumati zatheka, chonsecho mutu wa screw sunapanikize galasi mokwanira, mwinanso nsongayo ikukankhira kapuleti m'mwamba. Slide ikayamba kupita ndi kubwera ndi liwiro lake lija, galasi limagwedera pang'onopang'ono mpaka kukhwefuka. Mukaonjezera mphamvu, screw ilibenso kolowera, imangopotoka khosi n'kuduka. Si zomwe zakuchitikirani izi? A Trijicon amagulitsa paketi yakeyake ya Glock MOS, nambala yake AC32064, momwe muli ma screw aafupi ndi kachitsulo kopyapyala kotseka kunsi kwa batire.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Chotsani magazine, tsimikizani kuti mulibe chipolopolo, chotsani slide. Masulani kapuleti, mangirirani galasi pa kapuletiko muli nako m'manja, kenako tembenuzani. Yendetsani chala kunsi kwake. Nsonga ikakukandani, ndiye kuti yatalika. Amene slide yawo inachita kusemedwa kuti galasi likhale popanda kapuleti asamalenso kwambiri: screw ya kumanja ikatalika imakapana kachitsulo kokankha extractor, yomwe imakoka khoko la chipolopolo, makoko a zipolopolo n'kuyamba kukanirira.

Chachiwiri ndi mafuta. Loctite amauma pokhapokha ali pakati pa chitsulo ndi chitsulo pomwe sipalowa mpweya, ndipo mazinga onona amamulepheretsa kugwira. Tsukani screw ndi kabowo komwe ndi isopropyl alcohol, guluu wakale mumukokote ndi chotokosera m'mano, mudikire ziume. Acetone amatsukanso bwino koma asayandikire galasi. Kenako tengani wabuluu, 242 kapena 243 (243 amapirirako timafuta totsalira), mudontheze pa kapepala, muviike nsonga ya kamtengo ka machesi, mupake mazinga awiri kapena atatu basi. Akachuluka amasefukira mkati mwa slide n'kukamata zomwe ziyenera kuyenda. Apa ambiri amasokonezeka: botolo la Loctite wabuluu nalonso ndi lofiira! Werengani nambala, musadalire mtundu wa botolo. Ena amakonda Vibra-Tite VC-3, yemwe mumapaka n'kumusiya aume kaye musanamange. Nayenso ndi wabwino.

Pomanga, dzanja ndi labodza. Gulani kapena bwerekani torque driver, chomangira choyeza mphamvu, ya ma inch-pound (in-lb), monga Wheeler FAT Wrench kapena Fix It Sticks. A Glock amati ma screw a kapuleti amangidwe pa 1.5 Nm, yomwe ndi pafupifupi 13 in-lb. Mphamvu yomangira ma screw a galasi yalembedwa pa kapepala ka m'bokosi, ndipo pa tima screw totere imakhala pakati pa 12 ndi 18 in-lb. Musasokoneze ndi foot-pound ya amakaniko a galimoto, imeneyo ndi yaikulu ka 12. Mangani mosinthanasinthana, iyi pang'ono, iyo pang'ono. Mukatha, mfuti igone maola 24. Ndikudziwa zimavuta, munthu wamanga Lachisanu usiku ndipo mawa anzake akudikira ku kalabu, koma guluu wosauma ali ngati sanapakidwe.

Bwerekaninso kyutekisi kwa alamu kunyumbako. Jambulani kamzere kuchoka pa mutu wa screw kufika pa thupi la galasi. Kamzereko kakadukizana, mwaona ndi maso kuti yayenda. Lekani chizolowezi chomangoikungakunga ndi kiyi pofuna kuona ngati ili bwino, chifukwa kutero mukuthyola guluu uja. Yakhwefuka? Masulani, tsukani, yambiraninso.

Tsopano zopeza ina. Apa ndi pomwe ine ndinapsa. Ndinalowa mu shopu ina ya mabawuti ndili ndi screw yakale m'kapepala, mnyamata wa pa kauntala anaiyang'ana kamodzi n'kundipatsa M3.5. Kufanana kwake ngati mapasa. Inalowa bwinobwino mizungulo iwiri, wachitatu n'kulimba, ine n'kukakamiza. Mazinga a kapuleti anathera pomwepo. Ma screw a RMR ndi a muyezo wa ku America, 6-32, kutanthauza mazinga 32 pa inchi imodzi, pamene a Glock ogwira kapuleti ku slide ndi a metric, M3, mutu wake Torx T10. Pa mfuti imodzi pali miyezo iwiri. Ngakhale kupendekeka kwa kunsi kwa mutu n'kosiyana: ya inchi ndi madigiri 82, ya metric ndi 90, ndiye yolakwika siikhala bwino m'kachisa kake. Utali wa screw ya mutu wolowa mkati umayezedwa pamodzi ndi mutuwo.

Choncho yambani kwa dealer amene anakugulitsani galasi kapena mfutiyo, mufunse paketi ya MOS ija. Ikasowa, wokonza mfuti wovomerezeka amasunga tima screw tambirimbiri ndipo angathe kufupikitsa yaitali. Makampani opanga mapuleti monga C&H Precision amaika ma screw a utali woyenera m'paketi, kungoti mashopu ambiri a ku America amakana kutumiza zida za mfuti kunja, ndiye fufuzani kaye kwa ogulitsa a konkuno. Ngati mukugula ku shopu ya mabawuti, pemphani ayeze ndi thread gauge, ndipo musankhe chitsulo cholimba cha alloy, pa metric giredi 12.9. Stainless wamba wa A2-70 amawala bwino koma ndi wofewa poyerekeza. Gulani zinayi kapena zisanu ndi imodzi, ndipo screw iliyonse yomwe munaikunga mopitirira, ngakhale sinaduke, itayeni, inatamuka kale.

Chiduswa chotsalira mu kapuleti chisakusowetseni tulo. Masulani kapuletiko, nthawi zambiri chiduswacho chimazungulira chokha ndi kapulayala kuchokera kunsi, poti nsonga inatulukira kale. Chikakana, gulani kapuleti kena, musaike drill pafupi ndi slide. Mukamanganso zonse, muyambe ndi zipolopolo zingapo pa mamita 15 kuti muone ngati kadontho kabwerera pamalo pake.