Za mandimu ndi RNA ya vayilasi, kuyankha achemwali a ku Luchenza

Achemwali mwafunsa ngati nzoona zomwe munamva m'minibasi zoti asidi wa mandimu amasungunula RNA ya vayilasi, ati kumwa madzi a mandimu m'mawa uliwonse basi kachilombo katha. Ndiyankheko poti zimenezi ndimaphunzitsa ana a Fomu 4 kuno ku Thyolo, koma mupirire, ndilemba zambirimbiri kkkk.

RNA ndi kaulusi kamodzi katali kosunga malangizo a vayilasi, kolembedwa ndi zilembo zinayi, A, U, G ndi C. Ka HIV kali ndi zilembo pafupifupi 9,200, ka korona kamafika cha m'ma 30,000. Ndiye kaulusika sikakhala kowongoka ayi, kamadzipinda kokha ngati nkhata yosenzera ndowa, A kugwirana ndi U, G kugwirana ndi C, apa mfundo apo kamphanda. Ndipo mapindidwewo si achisawawa. HIV ili ndi mfundo ina dzina lake RRE, pamene puloteni ya Rev imagwira kuti RNA ituluke mu nyukiliyasi ya selo, mfundoyo itamasuka ntchito yaima.

Asidi amasokonezadi, pamenepo a m'minibasiwo sananame kwenikweni. pH (muyeso wa asidi, nambala ikamatsika asidi akuchuluka) ikatsika kufika cha pa 4, A ndi C amatola kaproton, kachidutswa kochokera ku asidiyo, nkuyamba kugwira molobodoka, mfundo zina zimamasuka zina zimamangika mwina. Koma ulusiwo suduka msanga. Chimene chimadula RNA mofulumira ndi alikali, mbali ya chidulo chija amayi amacheza phulusa pophika therere. RNA ili ndi ka OH kena (oxygen ndi hydrogen) pa shuga wa mu msana wake komwe DNA ilibe, mu alikali kameneka kamatembenukira msana wa ulusi womwewo nkuudula. Ana anga a sukulu amalephera funso limeneli chaka ndi chaka, onse amalemba asidi.

Ku labu amasewera nazo dala. Mankhwala a formaldehyde amamata mapuloteni ndi RNA kuti vayilasi asachulukanenso, ndi momwe Jonas Salk anapangira katemera wa poliyo wa 1955. Poyeza viral load amathira mankhwala a guanidine omwe amaphwasula chikhokhombe cha vayilasi ndi ma enzyme odya RNA, RNA yokhayo nkutsala kuti makina awerenge. Pali njira inanso ya SHAPE, mankhwala ake amangomamatira pamalo omasuka pa ulusi osati pamfundo, ndiye mu 2009 gulu la Kevin Weeks ku North Carolina linajambula nayo mapindidwe a RNA yonse ya HIV.

Tsono mandimu anuwo. RNA siyenda maliseche, ili mkati mwa chikhokhombe, ndipo vayilasiyo ali m'maselo ndi m'magazi momwe thupi limasunga pH pa 7.4 kaya mwamwa mandimu dengu lonse. Poliyo amadutsa m'mimba momwe asidi wake ndi waukali kuposanso mandimu, amakafika m'matumbo ali bwinobwino. Wofooka ku asidi ndi vayilasi wa zilonda za mkamwa ndi mapazi a ng'ombe, uja amavutitsa ku Chikwawa ndi Nsanje, pH ikangotsika pansi pa 6 chikhokhombe chake chimagumuka, nchifukwa chake citric acid amapoperadi m'makola ndi pamatayala a galimoto. Koma kumeneko nkupopera panja, si kumwetsa ng'ombe.

Ngati amene mukuwafunsira ali pa ma ARV chonde asasiye. Mandimuwo azifinyira mu tiyi, kunja kukuzizira ndi chiperoni chonchi.