Funsani Anamwino: za mano, kuyenda, kulankhula ndi kukodza pogona

Makalata ambiri a mwezi uno akhudza ana osapitirira zaka 6. Tasankhapo asanu.

Anamwino, mwana wanga wa miyezi 7 wayamba kumera mano. Lero ndi tsiku lachitatu akutsegula m'mimba ndipo thupi likutentha. Apongozi anga akuti ndi mano amenewo, zidzaleka zokha akangotuluka. Kodi ndidikire? — Mayi wa mwana woyamba

Musadikire mayi, pitani naye kuchipatala lero lomwe. Kumera mano sikutsegulitsa m'mimba, ndiponso sikutenthetsa thupi mpaka madigiri 38. Zimene dzino limachita ndi zochepa: nkhama zimatupa n'kumayabwa, dovu limachuluka, mwana amaluma chilichonse ndipo tulo timavuta kwa masiku angapo.

Apongozi anu sakunama pa zimene maso awo anaona, pakuti ana ambiri amadwaladi nthawi imene mano akutuluka. Kungoti pa msinkhu umenewu pamakumana zinthu zitatu. Chitetezo chimene mwana anatengera kwa mayi ake ali m'mimba chimakhala chikutha, mwanayo wayamba kudya zina kuwonjezera pa bere, komanso wayamba kukhala pansi n'kumatola zilizonse kuponya m'kamwa. Tizilombo timalowera pamenepo, dzino n'kusenza mlandu wa eni ake.

Pokonzekera ulendowo, muyamwitseni pafupipafupi ndipo yambani kumupatsa madzi a ORS, osungunula monga mwa malangizo a papaketi. Mwana wosakwana zaka 2 amwe mamililita 50 mpaka 100 nthawi iliyonse akatsegula, ndiye kuti kota kapena theka la kapu. Mupatseni ndi sipuni, kamodzi pa mphindi imodzi kapena ziwiri. Akasanza dikirani mphindi 10, kenaka pitirizani pang'onopang'ono. Paketi ikasowa, thirani masipuni a tiyi 6 a shuga ndi theka la sipuni ya tiyi ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa ndi ozizitsa. Masipuniwo adzaze molingana ndi m'mphepete mwake, osati mpaka kupanga kaphiri, chifukwa mchere ukachuluka ukhoza kumuvulaza mwana. Kuchipatala akakupatsaninso zinki, mamiligalamu 20 patsiku kwa masiku 10 mpaka 14. Mumalize onse ngakhale m'mimba mutaleka pa tsiku lachiwiri.

Liwombo likalowa, maso akalowa m'kati, akamalira popanda misozi, thewera likakhala louma maola 6, mukaona magazi m'chimbudzi, akakana bere kapena akafooka n'kumangogona, musadikirenso kuti kuche.

Kuyabwa kwa nkhamako, sambani m'manja n'kumusisita ndi chala, kapena mupatseni kansalu koyera konyikidwa m'madzi ozizira kuti aziluma. Musapake uchi mwana asanakwane chaka, musamupatse aspirin, ndipo musalole wina aliyense kucheka kapena kukanda nkhama zake ati pofuna kulitsegulira njira dzino. Nthawi zambiri mano amayamba ndi awiri akutsogolo am'munsi, kenaka am'mwamba, ndipo onse 20 amakwana cha pa zaka 3. Kutsuka kumayamba ndi dzino loyambalo: kawiri patsiku, ndi kamswachi kofewa ndi mankhwala otsukira mano ochepa ngati kanjere ka mpunga.

Mdzukulu wanga ali ndi miyezi 14 koma sakuyenda. Sanakwawepo n'komwe, amangodzikhwekhwereza ndi matako. Wa aneba athu anayenda ali ndi miyezi 10. Bambo ake akufuna kumugulira kampando kamatayala kaja koikamo mwana kuti aziyenda. Kodi kangathandize? — Agogo

Agogo, mtima ukhale m'malo, mdzukulu wanu sanachedwe. Mu 2006 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa zotsatira za kafukufuku wa ana athanzi a ku Ghana, India, Norway, Oman ndi United States. Linapeza kuti ana amayamba kuyenda okha pakati pa miyezi 8 ndi miyezi pafupifupi 18, ndipo kukhala pansi osagwiriridwa amayamba pakati pa miyezi 4 ndi 9. Pa ana 100 aliwonse, pafupifupi 4 sanakwawe ndi manja ndi mawondo. Wa aneba anuyo ali koyambirira kwa mzerewo, wanu ali chapakati. Ana odzikhwekhwereza ndi matako amakondanso kuchedwerapo kuyenda, popeza amafika kumene akufuna manja ali omasuka, ndiye changu choimirira alibe. Ngati anabadwa masiku asanakwane, chotsani miyezi imene inatsalayo powerenga msinkhu wake, mpaka adzakwane zaka 2.

Kampandoko auzeni bambo ake asagule. Mwana akakhala m'menemo amakankha ndi zala zakuphazi thupi lili lende, osaphunzira kudzilimbitsa yekha. Choopsa kwambiri ndi liwiro: amafika pamoto, pa madzi otentha kapena pamasitepe wamkulu asanatembenuke. Dziko la Canada linaletsa kugulitsa timipando timeneti mu 2004.

Chimene chimathandiza ndi pansi. Mulekeni azisewera pamalo oyera opanda nsapato, ikani choseweretsa chake pampando wolimba kuti azidzikoka n'kuimirira, kenaka muzichisunthira chakumbali pang'ono kuti ayende chogwirira. Pomugwira, mugwireni m'chiuno, osati kumukweza manja m'mwamba.

Pitani naye kusikelo akamuone ngati mukamuimiritsa sakuponda pansi mwamphamvu, ngati miyendo ili yolimba gwa kapena yolobodoka, ngati akugwiritsa ntchito mbali imodzi yokha ya thupi, ngati waleka chimene ankachita kale, kapena akafika miyezi 18 asanayende.

Mwana wathu wamwamuna wakwanitsa zaka 2 koma mawu amene amatchula sapitirira 5. Akafuna chinthu amangokoka munthu dzanja. Ine ndi mayi ake timalankhula zilankhulo zosiyana, ndiye ena akuti tamusokoneza. Ena akuti anyamata amachedwa basi. — Bambo wodandaula

Bambo, zilankhulo ziwiri sizichedwetsa mwana kulankhula, ndipo musasiye chilichonse mwa ziwirizo. Powerenga mawu ake muziphatikiza a zilankhulo zonse. Komabe ngakhale mutaphatikiza, mawu 5 pa zaka 2 ndi ochepa. Ana ambiri a msinkhu umenewu amakhala ndi mawu pafupifupi 50 ndipo ayamba kulumikiza awiri, monga “mama bwera” kapena “madzi atha”. Zoti anyamata amachedwa zili ndi kachoonadi kochepa chabe, kusiyanako ndi kwa miyezi yowerengeka, koma mawu amenewa achedwetsa ana ambiri kupeza thandizo.

Choyamba akamuyeze makutu. Mwana akhoza kudzidzimuka chitseko chikamenyetsedwa koma osamva bwino mawu a munthu, makamaka ngati makutu anamuwawapo kapena anatulukapo mafinya, chifukwa madzi amatsalira kuseri kwa mwinikhutu n'kumatseka mawu. Kunyumba yang'anani izi: mukamuitana dzina muli kumbuyo, amacheuka? Amaloza chinthu ndi chala n'kukuyang'anani kumaso kuti nanunso muchione? Mukamutuma osaloza kuti “katenge nsapato zako”, amakatenga? Amasewera moyerekezera, monga kudyetsa chidole? Ngati zonsezi amachita, nkhawa ndi yocheperapo, pakuti kumva kumatsogola, kulankhula kumatsatira. Ngati sachita, kawafotokozereni adokotala ndendende zimenezo.

Akakukokani dzanja musamupatse chinthucho nthawi yomweyo, komanso musamukakamize kuti “nena kaye”. Gwadani mufanane naye, tchulani dzina la chinthucho momveka, dikirani masekondi 5 mukumuyang'ana, kenaka mupatseni. Akatchula liwu limodzi, inu onjezerani lina: iye akati “galimoto”, inu muti “galimoto yapita”. Foni ndi TV sizingagwire ntchito imeneyi chifukwa sizidikira kuti mwana ayankhe. Malangizo a WHO a 2019 akuti mwana wosakwana zaka 2 asamaonere, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku.

Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 6 ndipo amakodzabe pogona pafupifupi usiku uliwonse. Ndayesa kumumana madzi, kumudzutsa katatu, kumuchapitsa zofunda pamaso pa azing'ono ake, ngakhale kumukwapula kumene. Masana sadzikodzera. Kodi ndi ulesi? — Mayi wotopa

Si ulesi mayi, ndipo kutopa kwanu tikukumvetsa, kuchapa mabulangete tsiku ndi tsiku si masewera. Koma chikwapu ndi kumuchititsa manyazi zilekeke lero. Mkodzo umatuluka iye ali m'tulo tofa nato, ndiye mukumulanga pa mlandu umene sanauone ukuchitika. Mantha amangowonjezera vutolo, ndipo ana otere amayamba kubisa zovala zonyowa.

Pa ana 100 a zaka 5, pafupifupi 15 amakodzabe pogona, ndipo chaka chilichonse ena amaleka okha popanda mankhwala. Zoyambitsa zenizeni ndi zitatu. Usiku thupi limayenera kutulutsa homoni ina imene imauza impso kuti zichepetse mkodzo, koma mwa ana ena zimenezi zimachedwa kukhazikika. Ena chikhodzodzo chawo chimasunga mkodzo wochepa. Cha mwana wa zaka 6 chimayembekezeka kusunga mamililita pafupifupi 210, ngati kapu imodzi yokha. Chachitatu, ubongo sudzuka chikhodzodzo chikadzaza. Zimayendanso m'magazi. Funsani mwakachetechete kuchimuna ndi kwanu, mwina mupeza wamkulu wina amene analeka mochedwa, ngakhale sangavomere msanga.

Pali chinthu china chimene makolo ambiri sachiganizira, kudzimbidwa. Chimbudzi cholimba chikadzaza m'matumbo chimapanikiza chikhodzodzo. Ngati mwana wanu amatha masiku awiri kapena atatu osapita kuchimbudzi, kapena amatulutsa timibulu touma movutikira, yambani ndi vuto limenelo. Ana ena amaleka kukodza pogona m'mimba mukangomasuka.

Kumumana madzi tsiku lonse kumapangitsa mkodzo kukhala wamphamvu ndi wotentha, komanso kumamudzimbiritsa. Sinthani nthawi yomwera: amwe kwambiri m'mawa ndi masana, makapu 6 mpaka 8 patsiku, ndipo achepetse ola limodzi kapena awiri asanagone. Madzulo asamwe tiyi, khofi kapena zakumwa za gasi. Masana azikodza maola awiri kapena atatu aliwonse, osadikira kuti mkodzo umupane. Pogona akodze kawiri, poyamba kukonzekera ndi pomwe akukalowa m'zofunda. Yalani pulasitiki pansi pa nsalu yogonera, muikeni zovala zouma pafupi, ndipo njira yopita pokodzera ikhale yowala, popeza ana ena amadzuka ndithu koma amaopa mdima.

Kumudzutsa katatu kumapulumutsa zofunda koma sikumuphunzitsa kanthu, chifukwa amakodza ali m'tulo ataimirira. Ngati mukufuna kumudzutsa, kamodzi n'kokwanira, ndipo adzukedi mpaka akuyankheni. Muzimuyamikira pa zimene angathe kuzilamulira, monga kumwa madzi masana ndi kukodza asanagone, osati pa kudzuka pouma. M'mawa athandize kuyalula zofunda muli awiri, popanda omuonerera.

Kuchipatala pitani msanga ngati akumva kuwawa pokodza, mkodzo uli ndi magazi, akumva ludzu losatha n'kumaonda, akuliza mkonono kwambiri usiku, kapena ngati analeka kwa miyezi 6 n'kuyambiranso. Ludzu ndi kuondako ndi zizindikiro za matenda a shuga, ndipo zimenezo n'zofunika kuyeza tsiku lomwelo. Ngakhale palibe chilichonse mwa izi, pa msinkhu wakewu mukhoza kupita kukapempha thandizo. Pali kachipangizo kolira kakangomva chinyezi, kamene kamaphunzitsa ubongo kudzuka pakatha miyezi iwiri kapena itatu, komanso mankhwala otchedwa desmopressin amene adokotala okha ndiwo amalemba.

Mwana wanga wa miyezi 20 ndikamulanda chinthu amalira kamodzi, n'kubanika, milomo kuda, kenaka kulobodoka. Zachitika kawiri. Achemwali anga akuti ndizimuthira madzi ozizira kumaso. — Mayi wamantha

Zimenezi zimaoneka mwa ana a miyezi 6 mpaka zaka 6, ndipo sachitira dala. Mwana akakwiya, akadzidzimuka kapena akavulala amatulutsa mpweya wonse polira, thupi n'kuchedwa kukokanso wina. Amatsitsimuka yekha mphindi imodzi isanathe. Musamuthire madzi, musamugwedeze, musamunyamule choimirira ndipo musamupise chala kapena sipuni m'kamwa. Mugonekeni chammbali pansi, chotsani zimene zingamuvulaze, ndipo yang'anani wotchi, chifukwa masekondi 30 amaoneka ngati ola mayi akagwidwa mantha.

Popeza sanaonedwepo, pitani naye kuchipatala sabata ino kuti atsimikize kuti si khunyu kapena vuto la mtima, ndipo apempheni amuyeze magazi. Kuchepa kwa ayironi m'thupi kumawonjezera kubanikaku, ndipo kukathandizidwa ana ambiri amachepetsa. Wina akakhala pafupi zikamachitika, ajambule pafoni kuti adokotala akaone okha. Akatsitsimuka mukumbatireni, koma chimene munamulandacho musamubwezere. Zikachitika asanalire kapena kukwiya, zikapitirira mphindi imodzi, akamaphupha, kapena akadzuka ali wosokonezeka kwa nthawi yaitali, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo.