Za anthu a ku Carthage: muyambire pati, ndipo mukhulupirire ndani?

Pa maimelo a sabata ino pali ya m'bale wina amene akuti anaonera kavidiyo ka Hannibal, mkulu wa asilikali wa ku Carthage, ndi njovu zake pa YouTube, ndiye akufunsa kuti anthu a ku Carthage anali ndani kwenikweni, angayambire pati kuphunzira za iwo, komanso ngati nzoona kuti ankawotcha ana popereka nsembe.

Achimwene, musanawerenge chilichonse dziwani kaye kuti pafupifupi nkhani zonse za anthu amenewa zinalembedwa ndi adani awo. Aroma anauphwasula mzinda wa Carthage mu 146 BC, mabuku a m'malaibulale ake anawagawira mafumu a ku Numidia, dziko loyandikana nalo, ndipo anasowa, tinangotsala ndi tizidutswa ta mabuku 28 a zaulimi a Mago, mlembi wa ku Carthage, amene nyumba ya malamulo ya Aroma inalamula kuti amasuliridwe m'Chilatini (ulimi wa mdani anaufuna ndithu, mbiri yake ayi). Ndiye mukamawerenga alembi akale a mbiri ya Aroma monga Livy kapena Polybius muli ngati amfumu amene akuweruza mlandu atamva mbali imodzi, winayo anamwalira kale. Polybius ndi wabwinoko, anali Mgiriki ndipo analipo mzindawo ukupsa, koma analipo ngati mnzake wa Scipio Aemilianus, mkulu wa asilikali amene ankauotchayo.

Mzindawo unali pafupi ndi Tunis wa lero, ku Tunisia. Anaumanga ndi Afoinike ochokera ku Tyre, uja m'Baibulo timati Turo, kwawo kwa mfumu Hiramu amene anathandiza Solomo kumanga kachisi, ndipo chaka chimene amatchula ndi 814 BC. Nthano yake imati mfumukazi Dido anapempha malo okwana chikopa cha ng'ombe chimodzi basi, kenako nkuchileza tizingwe tating'onoting'ono mpaka kuzunguliza phiri lonse la Byrsa. Ndi nthano, musaitenge ngati mbiri.

Ine chimene chimandiwawa nchakuti aliyense amangothamangira kwa Hannibal. Inde anawoloka mapiri a Alps mu 218 BC, anapha Aroma miyandamiyanda ku Cannae, ku Italy, mu 216 BC, nkudzagonja ku Zama, kumpoto kwa Africa, mu 202 BC, zimenezo mupeza paliponse. Koma anthuwa anali amalonda ndi amalinyero poyamba, nkhondo pambuyo. Doko lawo la zombo zankhondo linali lozungulira, chilumba pakati, ndipo wolemba mbiri wakale Appian akuti munkalowa zombo 220. Chombo china chimene chinapezeka m'nyanja kufupi ndi Marsala ku Sicily chinali ndi zilembo pa matabwa ake zosonyeza kuti thabwa ili lilowa apa, ili apa, kutanthauza kuti ankapaliratu matabwa ambiri kenako nkumangolumikiza. Herodotus, wolemba mbiri wa Chigiriki, akufotokoza mmene ankagulira golide kugombe la kumadzulo kwa Africa osalankhulana ndi eni ake, amasiya katundu pamchenga nkubwerera m'chombo nkufukiza utsi, eni dera amabwera kuikapo golide, golideyo akachepa amalondawo samukhudza mpaka eni derawo awonjezere. Ngakhale Aristotle, Mgiriki, anayamikira kayendetsedwe ka boma lawo, limene linali ndi atsogoleri awiri osankhidwa chaka ndi chaka.

Tsopano za ana zija. Mu 1921 ku Carthage kunapezeka malo amene akatswiri anawatcha Tophet potengera dzina la pa Yeremiya 7:31, muli mitsuko yambirimbiri ya phulusa ndi timafupa ta makanda ndi ana a nkhosa, pamwamba pake miyala yolembedwa kuti wakutiwakuti wapereka kwa milungu yawo Baal Hammon ndi Tanit chifukwa anamva pemphero lake. Akatswiri amakangana mpaka pano, ena akuti anali manda chabe a makanda omwalira pobadwa, ena akuti ayi inali nsembe. Ine ndimapendekera kwa achiwiriwa, chifukwa mawu a pamiyalayo ndi a munthu amene akukwaniritsa chowinda, si a kholo lolira maliro. Komabe amene ankaloza chala nawonso sanali oyera, Livy yemweyo akuvomereza kuti Aroma atagonja ku Cannae anakwirira amoyo anthu anayi, Agiriki awiri ndi awiri a mtundu wa Gaul, kuti milungu ipepe. Ndipo ija yakuti Aroma anathira mchere m'minda ya Carthage isiyeni, palibe wolemba wakale amene anainena.

Poyambira ndiye apa: werengani Polybius, amapezeka ulere pa intaneti m'Chingerezi, koma mbali inayi mukhale mukuona zimene ofukula zakale apeza. Sakani zithunzi za Kerkouane, tauni ya m'mbali mwa nyanja ku Tunisia komweko imene inasiyidwa cha m'ma 250 BC ndipo Aroma sanamangepo zawo pamwamba, mosiyana ndi Carthage weniweniyo amene zambiri zooneka lero ndi za Aroma. Ku Kerkouane muona misewu, ngalande za madzi, nyumba zambiri zili ndi bafa lakelake lokhala ndi pokhalira, pansi pa khomo lina pali chizindikiro cha Tanit chopangidwa ndi timiyala toyera. Mukatero mudzandilemberenso tikambe za ulendo wa Hanno, amene uja anatsika ndi zombo kugombe la kumadzulo kwa Africa, chifukwa pamenepo mkangano wa kumene anakafika ndi wautali.